App yotsekera foni ya munthu woledzera: ganizo langa la bizinesi

Ganizo ili ndakhala nalo m'mutu kwa nthawi ndithu, ndiye lero ndati ndingolilemba poyera, wofuna kuba abe. Ndi app ya pafoni yoti munthu aziyatsa asanatsegule botolo loyamba. Kuyambira pamenepo mpaka m'mawa, foniyo izikana kumutsegulira macheza ndi anthu amene iye mwini anawasankha mutu udakali bwino: abwana, apongozi, chibwenzi chakale, gulupu ya kumpingo, ndi aliyense amene akudziwa kuti mowa ukakwera dzina lake limayamba kuyabwa pachala.

Masana ndimakonza mafoni kuno ku Lilongwe, kusintha skrini, kuwotcherera pochajira, kuflasha. Lachisanu ndi Loweruka madzulo ndimakathandiza amalume pa kauntala ya bala yawo. Choncho foni imodzi ndimaiona kawiri: usiku ili m'manja mwa munthu amene wayamba kuimba yekha, ndiponso Lolemba m'mawa mwini wake ataima patebulo panga akunong'ona kuti, "Achimwene, kodi meseji yoti yawerengedwa kale ingafufutike m'foni ya winayo?" Olo itafufutika, waiwerenga kale. Ndimawauza choncho ndipo sindiwalipiritsa.

Kuseri kwa kauntala ya amalume kuli kabati ya loko imene timachajiramo mafoni a makasitomala. Pali makasitomala ena okhazikika amene amasiya foni mmenemo ili yodzadza chaji. Amanena okha pofika kuti, "Iyi musandipatse mpaka ndizipita, olo nditukwane." Ndipo ikamakwana 11 koloko amatukwanadi, mpaka kutiopseza kuti asamukira bala ina. Amalume amangopukuta matambula osayankha. Sabata yotsatira munthu yemwe uja amabweranso n'kupereka foni yake mwaulemu. Ndikamati msika ulipo ndikunena anthu amenewa. Akufuna kale chinthu chowaletsa, kungoti pakali pano chinthucho ndi kabati ndi amalume anga.

Amene amaganizira nkhaniyi ali kunja amaona ngati vuto ndi mameseji olembedwa. Kuno munthu woledzera salemba kwambiri, zala zimamukanika. Amadina kamaikolofoni ka pa WhatsApp n'kuyamba ulaliki. Voice note ya mphindi zisanu ndi ziwiri, kumbuyo kukumveka nyimbo ndi mabotolo, imakagwera mu gulupu ya banja imene inatsegulidwa posonkha ndalama za chiliza cha agogo, ndipo mmenemo akutchula mayina mmodzimmodzi a amene sanasonkhe, ndi amene anadya ndalama ya simenti. Wina amaika pa sitetasi chithunzi chimene sichimayenera kutuluka m'foni. Wina amaimbira abwana 1 koloko usiku kuti awafotokozere mmene kampani iyenera kuyendera. Pofika m'mawa wina wajambula kale skrini, wina watumiza kale voice note ija ku magulupu atatu. Mlandu suola, ndipo wa pafoni umakhala ndi umboni wake womveka bwino m'mawu a mwini wake. Tisaiwalenso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi ndime zoletsa kunyoza ndi kuvutitsa anthu kudzera pafoni ndi intaneti, ndipo m'dziko muno anthu amangidwapo chifukwa cha zimene ananena m'magulupu a WhatsApp. Kukhoti mawu akuti ndinali nditaledzera sapulumutsa munthu.

Chimene mowa umachita m'mutu anachifotokoza bwino akatswiri awiri a ku America, Claude Steele ndi Robert Josephs, mu 1990. Iwo anati mowa umachepetsa zinthu zimene ubongo ungaganizire pa nthawi imodzi, moti munthu amangoona chimene chili pafupi kwambiri ndi iye. Mkwiyo uli pafupi. Kusowa munthu wina kuli pafupi. Dzina lake likuoneka pa skrini, pansi pake palembedwa kuti ali online. Msonkhano wa Lolemba ndi abwana uli kutali kwambiri, sukuoneka n'komwe. N'chifukwa chake app yongofunsa kuti "Kodi mwatsimikiza?" ndi yopanda ntchito. Palibe munthu wotsimikiza kuposa woledzera.

Ganizoli si lachilendo, ena analiyesa kale. Mu October 2008, injiniya wa Google dzina lake Jon Perlow anaika mu Gmail kachinthu kotchedwa Mail Goggles. Usiku wa kumapeto kwa sabata, ukafuna kutumiza kalata, kankakupatsa masamu angapo oti uwapeze nthawi isanathe. Ukalephera, kalata sinkapita. Anthu anaseka, manyuzi analemba, kenako patapita zaka Google inakachotsa. Ma app ambiri amene abwera pambuyo pake angokopera njira yomweyo ya masamu. Ine masamuwo sindiwakhulupirira ngakhale pang'ono. Ndaimapo pa kauntala ndi kondakitala wa minibasi amene sakutha kuima bwinobwino, koma akundiwerengera chenji chake mpaka kwacha yomaliza, n'kundipezanso kuti ndalakwitsa ndine amene sindinamwe. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, ogulitsa mumsika, aphunzitsi a masamu, onsewa angadutse mayeso amenewo atamwa kreti. Pamene munthu amene masamu ankamuvuta kusukulu angatsekeredwe foni yake atangomwa Fanta.

WhatsApp nayo inayesa kuthandiza kuchokera mbali ina. Chakumapeto kwa 2017 inabweretsa mwayi wofufuta uthenga kwa onse, poyamba mkati mwa mphindi 7 zokha, ndipo pano nthawiyo inafika pafupifupi masiku awiri. Mu 2023 inawonjezera mwayi wokonza uthenga mkati mwa mphindi 15. Koma kufufuta kumasiya chipsera chooneka, ndipo apongozi akadzuka n'kupeza mizere isanu ya uthenga wofufutidwa wa 2 koloko usiku, funso limene adzafunse ndi lovuta kuposa uthengawo. Komanso ine wokonza mafoni ndikudziwa kuchuluka kwa anthu amene ali ndi GB WhatsApp, imene imasunga uthenga ngakhale mwini wake ataufufuta. Ukangotuluka m'foni mwako, zatha.

Tsono pali gulu lina la anthu limene likufuna kuti foni izizindikira yokha kuti mwini wake waledzera. Mu 2020, dokotala wina dzina lake Brian Suffoletto ndi anzake pa University of Pittsburgh anamwetsa vodka anthu 22, n'kuwamangirira foni kumsana cha m'chiuno, n'kuwayendetsa mzere wowongoka. Poona mmene thupi likupendamira, foni inkatha kudziwa, pafupifupi ka 9 pa ka 10 kalikonse, kuti munthu wapyola mlingo wololedwa poyendetsa galimoto kumeneko. Mu 2018 kunamvekanso kuti kampani ya Uber yapempha umwini wa njira yozindikirira wokwera woledzera poona mmene akulakwitsira polemba ndi mmene wagwirira foni. Zonsezi n'zosangalatsa kuwerenga. Koma amenewo anayenda m'chipinda chosalala, foni ili pamalo amodzi. Tayesani kuyenda usiku m'njira za ku Area 25 nthawi ya mvula, mukudumpha zithaphwi, foni ili m'thumba lakumbuyo, kapena mutakwera kabaza. Foniyo ingaganize kuti mpingo wonse wochokera ku mapemphero a usiku waledzera.

Ndipo sindikuona chifukwa chovutikira choncho. Munthu amadziwa yekha kuti lero akumwa. Amadziwa 5 koloko madzulo, akutseka ofesi, mnzake atamuimbira kuti tikumane ku Bwandilo. Kasitomala wanga ndi munthu wa 5 koloko ameneyo. Munthu wa 12 koloko usiku, ngakhale ali ndi dzina lomwelo ndi chala chomwecho chotsegulira foni, ndi amene tikulimbana naye, ndipo app yonse iyenera kumangidwa poganiza kuti iyeyo adzachita chilichonse kuti aiphwanye.

Mmene ndikuionera ndi chonchi. Tsiku loyamba umalemba mndandanda wa mayina ndi magulupu oletsedwa. Tsiku lomwa umangodina batani limodzi n'kusankha ola lotsegukira, tinene 8 koloko m'mawa. Usiku ukatsegula macheza ndi munthu wa pamndandanda, pa WhatsApp, pa Messenger kapena pa meseji wamba, app imaphimba skrini n'kukupatsa tsamba lake. Patsambalo ukhoza kulemba zonse zili kukhosi, ukhoza kujambula voice note ya theka la ola, ukhoza kulira. Zonse zimasungidwa m'foni mwako momwemo, sizipita kulikonse. M'mawa, matsire ali m'mutu, app imakuonetsa zimene unakonza kutumiza ndi mabatani awiri, tumiza kapena fufuta. Mbali imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa kungomutsekera munthu osamupatsa potulutsira kumamuchititsa kubwereka foni ya mnzake. Ndinaganizirapo zoti app izimunamiza kuti uthenga wapita, ndi timizere tiwiri tabuluu tabodza, kuti akagone mtima uli mmalo. Ndazisiya. Tsiku lina uthengawo udzakhala wofunikadi, munthu n'kumadikira yankho la chinthu chimene sichinapite. Izingonena zoona, kuti uwu udikira m'mawa.

Manambala ena sadzatsekedwa konse: a polisi, a chipatala, wakabaza kapena wataxi amene umamudalira, ndi munthu wa kunyumba amene unamusankha. Woledzera amafunika foni kuposa wina aliyense kuti afike kwawo ali moyo, ndipo apa ndi pamene kabati ya amalume imaperewera, chifukwa imatenga foni yonse.

Nanga pakagwa zadzidzidzi zoti uyeneradi kuimbira abwana usiku? Apa ndi pamene ndikusiyana ndi onse a masamu aja. Kiyi wotsegulira asakhale m'foni mwako. Akhale kwa munthu wina amene unagwirizana naye masana, amene sali nawe patebulo. Mafoni anu awiri amalumikizidwa kamodzi pojambula QR code, ndipo kuyambira pamenepo foni ya mnzakoyo imatulutsa manambala asanu ndi imodzi amene amasintha pa masekondi 30 aliwonse, monga mmene Google Authenticator imachitira. Sizifuna bandulo, sizifuna netiweki. Ukafuna kutsegula, umamuimbira, iye amamva mawu ako, amamva nkhani yako, ndipo amasankha kukuwerengera manambalawo kapena kukuuza kuti, "Aise, kagone." Mchemwali wako amene wakudziwa kuyambira ukukwawa amazindikira kuledzera kwako ukangoti halo. Palibe sensa ya foni ingafike pamenepo.

Pali ngozi imodzi imene ndiyenera kuitseka kuyambira pachiyambi. Chida chilichonse chotsekera foni chikhoza kugwera m'manja mwa mwamuna wansanje kapena mkazi wansanje. Patebulo panga pamabwera anthu ofunsa ngati ndingawaikire chinthu choti aziona mameseji a akazi awo, ndipo ndimakana. Choncho wosunga kiyi mphamvu yake idzakhala imodzi yokha, kutsegula. Sangatseke foni yako, sangaone mndandanda wako, sangawerenge zimene unasunga, sangatalikitse nthawi. Ndipo loko sadzapitirira m'mawa wotsatira, zivute zitani.

Kupanga kwake ndi kumene kuli mutu waukulu, ndipo ndalankhula ndi mnyamata wina amene anaphunzira za makompyuta ku MUBAS kuti andithandize pamene ine ndikulekezera. Kuyambira 2016 mauthenga a WhatsApp amakhala obisika kuchokera pa foni yotumiza mpaka yolandira, ndiye palibe app ingawagwire panjira. Kuyambira 2019 Google salola app wamba ya pa Play Store kugwira mameseji ndi mbiri ya mafoni oimbidwa, pokhapokha ikhale app yaikulu ya mameseji kapena yoimbira m'foniyo. Ena amapanga kiyibodi yawoyawo imene imadzitseka usiku, koma kiyibodi imangodziwa kuti uli mu WhatsApp, sidziwa kuti ukulembera ndani, ndipo kamaikolofoni kaja sikadutsa pa kiyibodi n'komwe. Njira yokhayo yotsala pa Android ndi Accessibility Service, imene inapangidwira anthu osaona ndi olumala kuti foni iziwawerengera zili pa skrini. Ndi imeneyo app ikhoza kuona dzina lili pamwamba pa macheza n'kuphimba skrini. Vuto n'lakuti mbava za pa intaneti zimagwiritsanso khomo lomwelo poba mapini a kubanki, choncho Google imafunsa mafunso ambiri isanalole app yotere, ndipo kuyambira Android 13, app imene sinachokere ku sitolo yovomerezeka imakanizidwa chilolezocho mpaka mwini foni akachitsegule yekha m'kati mwa masetingi. Kuno, kumene ma app ambiri timapatsana pa Xender, limenelo ndi phiri. Onjezani kuti mafoni otchipa ambiri amapha ma app ogwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga batire. App yanga ikaphedwa 11 koloko usiku popanda mwini wake kudziwa, ndiye kuti ndamugulitsa loko wosakhoma.

Za iPhone sindikuziganizira panopa. Patebulo panga imabwera mwa apo ndi apo, ndipo Apple imalola kutseka app yonse, osati munthu mmodzi m'kati mwake.

Ndikudziwanso kuti woledzera wochenjera akhoza kuzula SIM n'kuiika m'kafoni ka mabatani, kapena kuyatsa foni mu safe mode, imene imaimitsa ma app onse oikidwa ndi mwini foni. Msiyeni. Amene wakwanitsa kupeza kanthu kotokosera SIM mumdima wa m'bala, osaigwetsa pansi, mwina mowa wayamba kumutsika. Cholinga ndi kutalikitsa njira pakati pa mkwiyo ndi batani lotumizira, chifukwa nthawi zambiri mkwiyo wa m'bala umatha nyimbo ina ikangoyamba.

Chinthu chimene ma app akunja sachiganizira n'komwe ndi ndalama. Kuno foni ndi chikwama. Woledzera amadina *211# kapena *444# mosavuta kuposa mmene amalembera moni. Ndaonapo munthu akutumizira ndalama ya lendi mtsikana amene wangomuona kumene, wina akugulira raundi tebulo la anthu osawadziwa, wina akubetcha mpira wa ku South America 2 koloko usiku kuti abweze zimene waluza pa mpira wa ku England madzulo. Meseji yonyoza ukhoza kukapepesa ndi nkhuku, koma malipiro a mwezi akapita apita. Ndikanakonda app yanga ikanatha kutseka zimenezi, ndipo kuphimba skrini munthu akadina manambala amenewo n'kotheka. Koma munthu yemweyo ayenera kulipira bilu yake ndi kabaza wobwerera kwawo. Chofunika ndi malire, kuti usiku uno zisatuluke zoposa zakutizakuti, ndipo malire otero angaikidwe bwino ndi eni ake a ndalama za pafoni, osati ine. Ku Britain, mabanki a Monzo ndi Starling anayamba mu 2018 kulola kasitomala kudzitsekera yekha kuti khadi lake lisalipire za juga, ndipo ku Monzo ukafuna kutsegulanso umadikira maola osachepera 48. Tsiku limene makampani athu a mafoni adzaike chinthu chotere pa menyu, munthu n'kumadziikira malire a usiku amene sangawasinthe mpaka kutacha, adzakhala atathandiza mabanja ambiri kuposa app yanga. Mu app yoyamba ndidzangoika mwayi wotseka ma app ndi masamba obetchera, zimenezo n'zosavuta.

Tsopano funso limene aliyense amandifunsa: ndalama zako zichokera kuti? Apa ndiyenera kufotokoza nkhani ya Drunk Mode, chifukwa ndi imene inandisintha maganizo pa zambiri. App imeneyi anaiyambitsa Joshua Anton cha mu 2013 ali wophunzira pa University of Virginia. Inkabisa manambala amene wasankha kwa maola ofika 12, inkathandiza kupeza anzako amene mwasowana usiku, ndipo m'mawa inkakuonetsa pamapu malo onse amene unapita. Ophunzira a m'makoleji a ku America anaikonda. Koma inali yaulere, ndipo eni ake anazindikira kuti chinthu chamtengo chimene ali nacho ndi mapu aja. Kampaniyo inasanduka X-Mode Social, n'kuyamba kulipira opanga ma app ena kuti aziika kachidutswa ka pulogalamu yake kotolera malo amene foni ili, n'kumagulitsa. Mu November 2020, atolankhani a Motherboard anaulula kuti zina mwa zimenezo zinkafika kwa makampani ogwira ntchito ndi asilikali a America, ndipo imodzi mwa ma app amene ankapereka inali Muslim Pro, yokumbutsa nthawi za mapemphero. Mwezi wotsatira Apple ndi Google analamula opanga ma app kuti achotse kachidutswa ka X-Mode. Kampaniyo inagulidwa n'kusintha dzina kukhala Outlogic, ndipo mu January 2024 bungwe la boma la America la FTC linailetsa kugulitsa malo okhudza zinsinsi za anthu, monga zipatala ndi nyumba zopemphereramo.

Taganizani tsono zimene app yanga ingadziwe. Masiku amene umamwa. Anthu amene umaopa kuwalembera, kutanthauza kuti ikudziwa za chibwenzi chimene akunyumba sakuchidziwa. Mawu ako enieni ukulira 1 koloko usiku. M'tauni ngati Lilongwe, mmene aliyense ali ndi msuweni wodziwana ndi abwana ako, zimenezo ndi zoopsa kuzisunga. Tili ndi Data Protection Act ya 2024 tsopano, koma ine sindikufuna kudalira lamulo kapena ubwino wa mtima wanga tsiku limene lendi yandithina wina n'kubwera ndi ndalama. Ndasankha kuti app isakhale ndi chilolezo cholowera pa intaneti n'komwe. Pa Android zimenezo n'zotheka, ndipo aliyense wodziwa akhoza kutsimikiza. Ndiye kuti palibe seva, palibe akaunti, palibe zotsatsa malonda zochokera kunja, ndipo ngakhale ine mwini wake nditafuna kusuzumira, ndilibe polowera.

Zikatero njira zopezera ndalama zimatsala zochepa, ndipo sindikudzinamiza. Kulembetsa ngati wopanga ma app ku Google ndi madola 25 kamodzi, ku Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse imapweteka, kuipezanso n'kovuta. Makasitomala anga ambiri alibe khadi lolipirira pa Play Store, pamene Google imafuna kuti zogulitsa za m'kati mwa app zizidutsa kwa iyo. Choncho app yeniyeniyo idzakhala yaulere, ndipo ine ndidzagulitsa ntchito ya manja, imene ndimagulitsa kale. Munthu azibwera patebulo ndi mnzake wosunga kiyi, ine ndiike app, nditsegule zilolezo zovuta zija, ndiletse foni kuipha, ndilumikize mafoni awiriwo, tiyese limodzi. Mtengo wake ufanane ndi mabotolo awiri a Green, chifukwa umenewo ndi mtengo umene womwa aliyense amaumvetsa popanda kuwerengera. Okonza mafoni anzanga ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Zomba akhoza kuchita chimodzimodzi n'kumadya yawo. Kampani yofulula mowa ikafuna kuti dzina lake lizioneka pa tsamba la m'mawa lija ndi uthenga wa kumwa mosamala, ilipire ndalama yokhazikika pachaka, koma sidzalandira dzina la munthu ngakhale mmodzi. Bizinesi imeneyi sidzandigulira galimoto. Ikhoza kundilipirira lendi ya tebulo, n'kundibweretsera makasitomala amene mawa adzabwere ndi skrini yosweka, poti omwa mowa ndi amene amaswa skrini kwambiri.

Amalume nditawafotokozera anamvetsera mpaka kumapeto, zimene sachita kawirikawiri. Mbali ya mameseji anaikonda, anati ndewu zambiri za pabala pawo zimayambira pafoni, mkazi wa wina akabwera ndi kabaza atalandira uthenga umene sunali wake. Koma nditafika pa za malire a ndalama anaika tambula pansi.

"Iwe mphwanga, ukufuna munthu akafike pa malire ake ali pabala panga?"

"Amalume, amene wadya lendi Loweruka sabweranso mpaka mwezi uthe. Amene watsala ndi kanthu abwera Lachisanu."

Sanayankhe, koma sanandiletsenso kumata pepala langa pakhoma pafupi ndi kabati ija. Pepalalo ndi lofuna anthu oyesa app, chifukwa Google imafuna kuti wopanga watsopano apeze anthu osachepera 12 oigwiritsa ntchito kwa masiku 14 otsatizana asanaloledwe kuiika poyera. Ndikufuna omwa enieni, a mafoni osiyanasiyana, makamaka otchipa aja, amene angandiuze mosabisa Lolemba kuti anaizemba bwanji. Oyamba kundiimbira sanali omwawo. Anali amayi ofuna kulembetsa amuna awo, mmodzi mpaka analonjeza kubweretsa foni ya bambo ali mtulo. Onsewo ndawauza kuti mwini foni abwere yekha, masana, asanalawe kanthu, ndipo wosunga kiyi amusankhe ndi pakamwa pake.